Tsiku Limene Ndinachapa Limoti ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili mu giredi seveni, pamene ndinachapa limoti ya galimoto ya atate. Tinkakhala ku Kanakantapa, kumene atate ankalima matimati ndi repu. Anali ndi kavani kakale konyamulira mbewu ku msika wa ku Lusaka. Utoto unali utasupuka, chitseko chakumbuyo ankachimanga ndi waya, koma mwini wake woyamba anaikamo alamu, ndipo alamuyo inkamvera kalimoti kakuda ka mabatani awiri basi. Ukapanda kudina batani, kiyi inkatsegula chitseko inde, koma galimoto inkakuwa ndipo injini siinkalira. Limoti inali imodzi yokha. Atate ankaisunga payokha, ati wakuba akatola makiyi asapite ndi galimoto.

Pakhomo pathu panali lamulo lakuti mwana wamkazi sapisa dzanja m'thumba la bambo ake. Zovala za atate ankachapa amayi okha. Chaka cha m'mbuyo mwake atate anandipeza ndikutulutsa kansalu kopukutira thukuta m'jekete yawo, ndikuthandiza amayi kusankha zochapa. Sanandifunse kanthu. Anathyola nthambi ya mabulosi n'kundikwapula mpaka miyendo inatupa mizere. Anati mwana wopisa m'thumba amakula wakuba, ndipo ndikadzabwereza adzandithyola zala.

Sabata imene ndikunenayi amayi anali kumaliro a mlongo wawo ku Bundabunda. Loweruka m'mawa atate anandiunjikira zovala zawo pakhonde n'kupita kudimba.

Apa ndiulule chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga. Nditanyamula thalauzi yawo yotuwa, kanthu kolimba kanandigunda pabondo. Ndinadziwa kuti ndi chiyani. Kudimba sikunali kutali, ndikanatha kuthamanga kukawauza. Koma ndinaima pamenepo, thalauzi ili m'manja, mtima ukutentha. Si anati ndisapise? Chabwino, sindipisa. Ndinaiviika m'beseni, ndinathira sopo waufa, ndinaichikicha ndi mphamvu zanga zonse, n'kuiyanika pachingwe.

Lamulungu masana, titachokera kutchalitchi, atate anafuna kusendeza galimoto pafupi ndi mabokosi a matimati kuti apakire. Anafunafuna limoti mpaka anaipeza m'thumba lachinyontho lija. Anadina, kanyali kofiira sikanayake. Anadinanso, anaigwedeza, anaimenya pachikhatho. Kenaka anatsegula chitseko ndi kiyi, ndipo alamu inakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Anayesa katatu. Kachitatuko anansi anali atadzaza pabwalo, ena Mabaibulo ali kukhwapa. Bambo wina anaseka kuti galimoto ya a Tembo yalowa kwaya. Anthu anaseka, ndipo ndinaona khosi la atate likutupa mitsempha.

Anandiitana pakati pa anthuwo.

“Lute, gwada apa. Kamba kuti ndiwe chipuba, chitsiru.”

Mawu anatuluka okha.

“Sinizagwada, Atate. Ndimwe munanilesa kugwira mu thumba yanu.”

Amayi ena anandinong'oneza kuti ndigwade zithe, mwana sayankha choncho. Sindinagwade. Nthambi ya mabulosi inabwera, ndinailandira nditaimirira, ndikuyang'ana tayala la galimoto. Atatopa, atate anagamula anthu onse akumva: kusukulu sindipondakonso mpaka nditagwada pamaso pa anthu omwewo. Mayeso oyeserera a giredi seveni ankayamba Lachitatu, ndipo aphunzitsi anali atanena kuti wojomba asadzadandaule. Ndinali mwana wokonda sukulu koopsa. Atate ankadziwa pamene akumenya.

Limoti anaiika padenga la khola la nkhuku kuti iume. Lolemba m'mamawa anakwera njinga kukafuna munthu wa galimoto woti anyamule matimati. Atangokhota, ndinakwera pa ndowa n'kuitenga. Ndinadzaza pulasitiki ndi matimati a m'mabokosi awo, osapempha, ndi kuuyamba wa ku Chongwe wapansi. Minibasi zinkandipitirira n'kundisiyira fumbi m'mano. Njira yonse ndinkadzifunsa kuti ikakanika ndidzalowera kuti.

Pafupi ndi msika, pakhonde la sitolo ina, pankakhala a Mwanza, bambo wachikulire wokonza mawotchi ndi mawailesi. Ndinkawaona ndikamapita ndi amayi kuchigayo. Ndinaika limoti patebulo pawo, matimati pambali. Anainunkhiza, n'kunena kuti chiyambireni ntchito sanaonepo limoti yochapidwa bwino chonchi, yangotsala kusita. Sindinaseke.

Anamasula kasikuluwu n'kuitsegula pakati. Mkati munali kabolodi kobiriwira kokutidwa ndi zoyera za sopo, madontho a madzi akadalimo. Kabatire kake, kakafupi ngati chala cha khanda, kanali katachita dzimbiri. Anandiuza kuti anthu amalakwitsa pawiri: amadina ikadali yonyowa, kenaka amaiyanika padzuwa yotseka, madzi n'kumangophika mkatimo. Anatenga mswachi wakutha, anauviika mu sipiriti, n'kutsuka kabolodiko pang'onopang'ono. Tizitsulo togwira batire anatipala ndi lezala mpaka tinawala. Tinadikira kuti kaume. Ndinkamva fungo la sipiriti ndi la nsomba zouma zochokera mumsika, njala ikundipweteka. Anayang'ana mizere ya m'miyendo yanga kamodzi, osafunsa.

Ataika batire yatsopano anandipatsa kuti ndidine ndekha. Kanyali kofiira kanaphethira.

“Usakondwe maningi, mwana wanga,” anatero. “Kuyaka yayaka. Koma ngati motoka siizamvela, ni ku Lusaka, kuchosa alamu yonse.”

Matimati analandira, anati ndi abwino kuposa a mumsika.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, mapazi atachita matuza. Atate anali pabwalo, nthambi yatsopano ili m'manja. Galimoto ina sanaipeze, limoti padenga sanaipeze, ine sanandipeze. Matimati anali atayamba kufewa, ntchentche zikuzungulira mabokosi. Ndinaima patali, pa mtengo wa magwafa, n'kuloza limoti kugalimoto. Ndinadina. Palibe chinachitika. Ndinasendera mapazi asanu, pafupi ndithu ndi nthambi ija, n'kudinanso. Galimoto inati twi twi, magetsi a m'mbali n'kuphethira.

Atate anayang'ana galimoto, kenaka ine. Anatambasula dzanja.

“Leta.”

“Mailo niyenda ku sukulu,” ndinatero, kutanthauza mawa.

“Yamba wagwada.”

“Iyayi, Atate.”

Sindinawapatse m'manja. Ndinaiika pa boneti n'kulowa m'nyumba, msana ukuyembekezera nthambi. Siinabwere. Ndinamva mabokosi akukwezedwa, injini ikulira, galimoto ikutuluka.

Lachiwiri m'mawa ndinavala yunifolomu. Atate anali atabwerako, atakhala pakhomo penipeni akumwa tiyi. Panalibe njira ina yotulukira. Ndinawadutsa, mabuku ndili nawo pachifuwa, ndikuwerenga mapazi mpaka kumsewu. Sanandiitane. Mayeso ndinalemba. Amayi atabwera anamva nkhaniyo kwa anansi, anandikalipira pang'ono pamaso pa atate, koma kukhitchini anandipaka mafuta m'miyendo.

Lero ndili ndi satifiketi yanga ya kukoleji ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi. Ndine mayi wamantha, sindikana. Ndimaopa msewu, ndimaopa malungo, koma chimene ndimaopa kwambiri ndi dzanja langa lomwe, chifukwa limafulumira ngati la atate. Kawiri konse ndalipeza lili m'mwamba ndisanafunse mwanayo chimene amachita. Ndikudziwa chimene nthambi imaphunzitsa, poti inandiphunzitsa ine. Siinandiphunzitse ulemu. Inandiphunzitsa kumvera mwankhanza, kutsata lamulo ndendende uku ndikuona chinthu chikuwonongeka. Ndiye achibale akamati ndikumulera moipa mwanayu poti ndimamulola kundiyankha, ndimawasiya alankhule. Ndikufuna azibwera kudzandiuza, osati azikhala chete n'kumaviika zinthu m'madzi.

Kuviika limoti ija ndinalakwa, ndipo ndalemba pano kuti aliyense awerenge. Koma si chimene atate ankafuna. Ankafuna ndinene pamaso pa anthu kuti lamulo lawo linali labwino ndipo chitsiru ndine. Zimenezo sindinanene, ndipo sindidzanena. Atate akali moyo, akalamba, maso ayamba kuchita khungu. Mwina wina adzawawerengera nkhaniyi. Akadzandifunsa ngati ndinkadziwa chimene chinali m'thumbamo, ndidzawauza zoona zonse, ndi kupepesa ndidzapepesa. Koma ndidzapepesa nditaimirira.