Phanga sitinalione, koma tabwera ndi nkhuku

Mwaswera bwanji nonse? Tangofika kumene kuchokera ku Thambani.

Paja tinapeza bambo wina wotitsogolera kuti alamu athu a ku Lilongwe akaone phanga lomwe akuti makolo ankabisalamo nthawi ya nkhondo. Kulakwa kwathu n'kutenga amalume a Yohane.

Khomo lililonse amalume amvekere, "Apa ndi pachibale, sitingangodutsa osalonjera." Apa mpando, apo manachesi, kwinako kupepesa maliro a chaka chatha.

Mpaka wotitsogolera uja wangotifotokozera mbiri ya phangalo tili pakhonde la eni, atakupatira m'khwapa nkhuku yomwe amalume apatsidwa. Dzuwa litapendeka, tabwerera.

Alamu akunyamuka mawa, phanga angolimva m'makutu. Ndiye abale, ulendo wina amalumewa tiwakhomere m'galimoto, kapena tingowasiya pa boma?