Mbiya ya Malemu Christine

Alamu anga a Abel a ku Madzimoyo si munthu wa zikhulupiriro. Amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa ku Chipata, Lamulungu ali kutchalitchi, ndipo ukawauza za mizimu amangoseka uku akupopa tayala. Koma munthu yemweyo anasunga mbiya kuchipinda kwake ngati mkazi wachiwiri.

Mbiyayo inali ya mkulu wanga Christine, mkazi wawo. Christine ankafulula mowa wa dima, uja umamwedwa anthu akathandizana kukolola mtedza, ndipo mowa wake unkadziwika mpaka ku Chipangali. Chinsinsi chake chinali kusatsuka mbiya. Zouma zotsalira m'kati ndizo zinkadzutsa mowa wotsatira. Ine Annie ndinayesapo kuitsuka ndili mtsikana, mbama imene ndinalandira ndikuikumbukira mpaka lero!

Christine atamwalira, alamu anaumitsa mbiyayo padzuwa, naiphimba ndi mbale, namata m'mphepete ndi dothi. Zaka zinapita. Ndikapita kukawasesera ndinkapeza fumbi paliponse, koma pa mbiya ayi. Nyengo ya mvula chipinda chonse chinkanunkhira ngati muli mowa wongowira kumene, chikhalirecho m'mbiyamo mulibe ndi dontho lomwe. Ine m'chipindamo sindinkachedwamo, kunena zoona ndinkaopa.

Tsiku lina ndinawalasa: “Alamu, mbiyayi mudzaiperekera malowolo kodi?”

Sanaseke. Anati, “Mulamu, mawu ake ndinaiwala. Nkhope ndimachita kuyang'ana pa chithunzi. Chimene chatsala n'kukoma kwa mowa wake pano palilime, ndipo nakonso kwayamba kuzilala. Tsiku lovundukula chiliza chake, iwe udzafulule m'mbiya imeneyi, ndidzamulawenso kamodzi.”



Mwana wawo Nomsa amagwira ntchito mu labu ku Lusaka. Ati amafufuza yisiti, tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso tomwe timatupitsa buledi n'kuwiritsa mowa. Koma iye safuna tomwe tikuswana, amasankha togona, tosadya, tosaberekana. Ndinati, mwana iwe, sukulu yonse ija n'kumalondera zinthu zogona? Atabwera kudzakonzekera za chiliza n'kuona mbiyayo, nkhope yake inagwa.

“Atate,” anatero, “musaike mtima wonse pamenepa. Anthu ankayesa kuti kanthu kakagona osaswana kamakhala momwemo. Ife tikuona kuti ayi. M'kati mwake mumasintha pang'onopang'ono, mwakachetechete, ndipo kakadzuka ana ake amatengera kusinthako. Mwinanso tinthu tonse ta m'mbiyamu tinafa kale.”

“Ndinamata ndi manja angawa,” alamu anayankha. “Simunalowe kanthu.”

“Sikufunika kuti mulowe kanthu, atate.”



Tsiku la chiliza litayandikira, ndinafulula monga anandiphunzitsira Christine: chimera cha mawere a m'munda womwe uja, madzi a pachitsime chomwe chija. Titaswa dothi lomata lija, fungo linatuluka lofunda ngati mpweya wa munthu. Ndinathira phala, n'kuvundikira. Nomsa ankati mwina sipachitika kanthu. Haa! Tisanamalize n'kutsuka miphika komwe, mbiya inayamba kulankhula. Mowa wa Christine unkawira mofatsa, phu, phu, ngati munthu wogona. Uwu unkang'ung'udza mothamanga, kuleka, n'kuyambanso, ngati wina akunong'ona nkhani yaitali kuseri kwa chitseko. Agalu anachoka pakhomo. Alamu anakoka mpando, nakhala pafupi, khutu lili tcheru.

Pa tsiku la chiliza, abusa atapemphera n'kupita, tinasefa mowa. Anthu anamwa, nayamika mokweza, ati mowa wotere sanaumwepo, ukununkhira ngati masuku akupsa. Wa Christine sunanunkhirepo masuku ndi tsiku limodzi lomwe.

Alamu anamwa pomaliza. Anagwira chipanda ndi manja awiri, nasunga mowa m'kamwa nthawi yaitali, maso ali chitsinzire. Atameza anati, “Si iyeyu.”

Nomsa anawagwira phewa. “Mwina ndi chimera, atate, mwina ndi nyengo. Popanda kuyeza sitingadziwe.”

Sanamumve. Anamwanso, kenaka n'kumwanso, ngati munthu wofunafuna singano m'udzu. “Ine ndakhala ndikumudikira momwe anandisiyira,” anatero motsitsa. “Kani kumene agonako akusintha yekha. Nanga ndikadzafika ndidzamudziwa bwanji?”

Ndinafuna kuwaseka monga mwa masiku onse, koma mtima unandiwawa koopsa. Kenaka anatembenukira kwa ine.

“Mulamu, iwe unkamwa nawo. Uja wakale ankakoma bwanji? Tandikumbutsa.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Ndinayendetsa lilime m'kamwa monse, kufuna mowa wa mkulu wanga umene ndinakula ndikulawa. Ndinapezamo masuku okhaokha.