Kachipinda ka Pulofesa pansi pa nthaka

Kwawo anayamba kumutcha Pulofesa asanamalize n'komwe digiri yoyamba. Ponyamuka kupita kunja kukachita yachiwiri, analonjeza mkazi wake kuti akangopeza nyumba adzamuitana pamodzi ndi kamwana kawo kakakazi.

Nyumba anaipezadi, ngati imeneyo n'kuitcha nyumba. Ku yunivesite anamuuza kuti zipinda za ophunzira apabanja zinadzaza kalekale, ndiye anakachita lendi kachipinda ka pansi pa nthaka, pafupi ndi makina ochapira zovala. Kuchepa kwake, akafuna kuyasamula ankayamba watsekula chitseko. Khoswe wina analowamo, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kutuluka chafutambuyo posowa potembenukira. Kawindo kake kanali kolingana ndi msewu, moti anthu a m'tauniyo ankawadziwa nsapato zokha.

Zaka zinapita akuthamangira nyumba zimene anzake anali atalowamo kale. Tsiku lina analimba mtima n'kugogoda kwa mwini nyumba.

"Mayi, nanga banja langa litabwera?"

"Banja? Mudzalikoleka pamsomali? Mmenemo ndi mutu umodzi basi."

Anatsika masitepe n'kuimbira mkazi wake pavidiyo.

"Pirirani pang'ono, amake mwana."

"Ine ndiye ndinazolowera," anatero mkaziyo. "Iwe, tabwera upereke moni."

Kamwana kanasuzumira pafoni, chala kukamwa, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Muli bwanji, amalume?"

Pulofesa, munthu woti akayamba kulankhula m'kalasi wotchi imatopa, anangopeza mawu anayi okha.

"Ndili bwino," anayankha motsitsa. "Kaya iwe?"