Tsiku Limene Atcheyamani Anakwawa

Alamu anga anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, kufupi ndi Guilleme, ndipo ankaopedwa ndi chilichonse chopuma. Mbuzi ina inachedwa kuwapatukira pamsewu, m'mawa mwake inapezeka itagula khadi la chipani. Khadilo ndinaliona ndi maso angawa.

Amene sankawaopa anali mmodzi yekha, mwana wawo, wobadwa kwa mlongo wanga. Anzake anali atayamba kutumidwa kukapala moto, koma iye osayankhula, osayang'ana munthu kumaso. Ntchito yake inali kutola makoko a mtedza n'kumawandandalika pamzere kuseri kwa nkhokwe. Wina akasokoneza mzerewo, kulira kwake ankakumva ku Zambia n'kumatseka zitseko. Masiku ano vutoli amati otizimu. Nthawi imeneyo anthu ankangonong'ona kuti alamu anakhwimira mwana kuti apeze udindo.

Manong'onong'owo anawafika. Anayesa kumuchiza ngati mmene ankachitira ndi anyamata a yufi. "Ima bwino! Yang'ana kuno! Nena kuti bambo!" Mwana ankangoyang'ana batani la jekete lawo. Atatopa anagamula kuti tikagulitsa mtedza mwanayo apita kwa azakhali ake ku Kapondo, akakhale kudimba kosafika anthu. Mlongo wanga anasiya kudya.

"Alamu," ndinatero ine, "mwanayu ndi wathu. Inu pamudzi pano munangobwera ndi jekete."

"Chipani sichidziwa za malume," anayankha.

Mlongo wanga ananyamula mwana kupita naye kuchipatala cha mishoni. Asisitere ena okalamba sanapereke ngakhale mbulu umodzi wa mankhwala. Anangoti, "Musamukokere kwanu, inu pitani kwake. Khalani naye pansi. Chimene akuchita inunso chitani, osamulamula." Mlongo wanga anayesa, ndipo mwana anamulola kukhala chapafupi. Ine ndinayesanso, koma mzere wanga unakhota, ndinachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Alamu anakanitsitsa. Thalauza lawo analigula kwa amwenye ku boma, silinali lokhalira pafumbi.

Komatu alamu anali ndi matenda awoawo. Munthu uja ankakonda mizere. Kukamabwera akuluakulu ankatindandalika m'mphepete mwa msewu mpaka mphuno zathu kulingana. Tsiku lina akudutsa kunkhokwe anaona mpata pamzere wa mwana, mtima unawakana. Anawerama n'kuikapo khoko. Mwana analichotsa, n'kulitembenuza kuti liloze kumene ankaloza anzake, n'kulibwezera. Ine ndinali pakhonde, ndinaleka kutafuna. Chipatsidwire udindo, alamu anali asanakonzedwepo ndi munthu. Anatola khoko lina n'kuliika moyenera. Mwana sanalikhudze. Pofika khoko lotsatira, thalauza la amwenye linali litagwada.

Kuyambira pamenepo ankazembera kuseri kwa nkhokwe tikapita kumunda, poganiza kuti sitikudziwa. Mawondo a thalauza ndi amene ankatiuza.

Tsiku lina masana kunabwera anyamata a yufi kudzawatenga kumsonkhano. Ine, pokhala munthu waulemu, ndinawalondolera mpaka kuseri kwa nkhokwe. Tinapeza atcheyamani akukwawa, matako kumwamba, khoko lili kukamwa poti manja anali otanganidwa. Anyamatawo anauma. Mmodzi anachita sailuti, osadziwa kuti ailozetse mbali iti.

Alamu anayamba kudzuka, nkhope itagwa. Pomwepo mwana anawagwira mkono wa malaya, n'kuwakanikizira khoko m'dzanja, n'kuwayang'ana m'maso. Sanachedwepo, anangoti phethi, wabwerera kumzere wake. Koma mlongo wanga, amene anali pamtondo, munsi unamugwa m'manja.

Alamu anakhala chogwada, bondo limodzi m'mwamba. Kenako analibwezera pansi.

"Mukuyang'ana chiyani?" anawafunsa anyamata aja monong'ona, chinthu chimene sitinkadziwa kuti amatha. "Khalani pansi, patali uko. Tolani makoko. Wosokosera aliyense ndithana naye."

Msonkhano sunachitike. Mzere wa tsiku limenelo unadutsa pa boma mpaka pachipata cha malire, ndipo a kasitomu anaufunsa mapepala. Wotsutsa akafunse madalaivala a mathiraki, anaima mpaka madzulo.

Mtedza tinagulitsa, mvula inagwa, za ku Kapondo zii. Ndinawakumbutsa dala.

"Alamu, ulendo uja bwanji?"

"Apite kuti? Nanga mzere aziuyendera ndani? Inu, ndi maso okhotawo?"

Mwanayo anadzayankhula patapita nthawi ndithu, mawu ochepa, ndipo mpaka lero sawononga mawu. Oyamba sanali akuti bambo. Alamu anaika khoko chozondoka, iye n'kuwauza kuti, "Iyayi." M'boma lonse la Mchinji ndi yekhayo amene ananena mawu amenewo kwa tcheyamani n'kugona kunyumba. Alamu anapha nkhuku.