Dzinja limene achimwene anaiwala dengu

Mvula ikagwa pa tiyi, fungo lake limandikumbutsa achimwene anga a Josamu, ali mbuu m'nkhungu ya m'mawa, atavala jumbo m'malo mwa chipewa. Bambo atamwalira, akuluakulu a pa esiteti anati nyumba ya kukomboni tikhalamobe pokhapokha wina wa ife akhale pa ntchito. Ndiye denga lathu lonse linali m'manja mwa mnyamata amene ndevu zinali zisanamere n'komwe.

Dzinja tiyi amaphukira ngati wapenga, ndipo wothyola amaponya masamba kumbuyo osacheuka, m'dengu limene wabereka. Anzawo anawanamiza achimwene kuti chamba chimafewetsa zala ndi kuchotsa kutopa. Masiku oyamba ankabwera akuimba, maso ali psuu, n'kumaliza chinangwa cha banja lonse. Amayi ankangoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsiku lina achimwene anasuta chamba kwambiri. Anathyola ndi liwiro loti anthu anasiya ntchito n'kumaonerera, manja ali phaphapha, masamba akuuluka paphewa. Koma dengu anali ataliiwala pansi pa mtengo wa bulugamu. M'mawa wonse ankadyetsa nthaka. Pofika pa sikelo anatembenuka monyada kuti awatule katundu, akudandaula kuti msana wathyoka.

"Achimwene," anafunsa a kapitawo, "tikupachikeni inuyo pa sikelopa?"

Komboni yonse inafa ndi phwete. Ife ana tinapangapo masewera, kumaponya masamba a mbatata kumbuyo uku tikubuula ndi kulemera kwa katundu wosaoneka, ndipo ine ndinkaposa onse. Sitinadziwe kuti mutu wa munthu unali utayamba kusokonekera tikuona. Chifuwa chinawagwira, thalauza linayamba kuwavuka, kenako anayamba kukangana ndi anthu amene ife sitinkawaona. Ankakana chakudya ati amayi athiramo mankhwala. Ntchito inatha, nyumba inapita, tinakwera lole kubwerera ku Thekerani kwa amalume.

Lero achimwene amamwa mankhwala a kuchipatala ndipo amalima kadimba kawo mwakachetechete. Nkhani ya dengu ikatuluka pamaliro kapena paukwati, anthu amasekabe mpaka misozi, nanenso sindinama, imandiseketsa. Koma imandiwawanso. Anthu onse aja anaima m'mizere ya tiyi m'mawa wathunthu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kukawagwira dzanja.