Mayi Lefina Nachisale ndi Nsanje ya M'nyumba Mwawo

Mayi Lefina Nachisale anabadwira kwa Kaomba. Anabatizidwa ali mtsikana, ndipo anakwatiwa ndi a Grey Mbewe, tenanti pa esiteti ya fodya.

Mu 1972 anabereka mwana woyamba, Esitere, atavutika kwambiri. Mwana atabadwa, mkodzo unakana kutuluka. Mimba inatupa, ululu unakula, mpaka anawatengera kuchipatala pa ngolo. Tsikulo anamwino kunalibe, choncho amene anawaika kapaipi kotulutsa mkodzo anali dokotala wamwamuna.

A Grey sanathokoze. Ankafunsa kuti mwamunayo anaona chiyani, ananena chiyani, anamwetuliranji. Vutolo linkabwerabwera, ndipo ulendo uliwonse wa kuchipatala ankawatsatira panjinga, fodya akupsa m'munda wosathyola. Tsiku lina anang'amba khadi la kuchipatala. Mayi Nachisale sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo a Esitere, womira sasankha dzanja lomuvuula. Mulungu anatuma amene analipo."

Pofuna mtendere, anapempha namwino kuti awaphunzitse kudziika okha kapaipiko. Ankakawiritsa bwino nthawi zonse, n'kukasunga m'kansalu koyera. Komabe nsanje sinathe, inangosamukira kutchalitchi. Akavala yunifomu ya Chigwirizano, amuna awo ankati akutchenera akulu a mpingo. Mayiwo ankawatengera madzi kubafa, n'kuwapempherera, kenaka n'kumapita.

Amayi ongobereka akamangika chimodzimodzi, ankaitanitsa Mayi Nachisale. Iwo ankawakhazika m'beseni la madzi ofunda, akuwaimbira nyimbo yauzimu kuti thupi limasuke. Zikakanika, ankalamula kuti dzuwa lisalowe wodwala asanafike kuchipatala. Mwamuna akakana, ankakhala pakhonde pake osachoka mpaka ngolo itanyamuka. Amayi ambiri a mumpingo uno ali moyo chifukwa cha khama limenelo.

Mu 1991 Esitere naye anamangika atabereka, ndipo mwamuna wake anayamba kunyinyirika za madokotala aamuna. A Grey anadzuka, anamanga okha ng'ombe pangolo, nauza mkamwiniyo kuti ngati akufuna atsale.

Chaka chotsatira Mayi Nachisale anadwala chifuwa. Amayi a Chigwirizano atabwera kudzawaimbira, a Grey anakhala kumutu kwa mphasa, akudandaula kuti tsopano ndi Yesu amene akuwalanda mkazi. Mayiwo anaseka pang'ono, nawagwira dzanja.

"Ameneyo yekha musalimbane naye, bambo," anatero.

Anatisiya mwakachetechete nyimbo isanathe.