Chaka Chimene Chinakana Kufufutika

Abambo anga anali ophika buledi, ndipo anthu a mumsewu wathu ankawatcha a Choko chifukwa cha kachidutswa ka choko kamene sikankachoka kuseri kwa khutu lawo. Ngakhale kumapemphero ankapita nako. Amayi akawakumbutsa pakhomo, iwo ankangokasamutsira kukhutu linalo n'kunena kuti achotsa.

Chokocho chinali cholembera pachitseko cha kuseri kwa bekale. Chitsekocho chinali chachitsulo, chopakidwa penti wakuda, ndipo ndicho chinali buku lawo lonse. Ankalembapo matumba a ufa amene atsegula tsikulo, malofu amene atuluka mu uvuni, mabanzi amene apserera, ndi zimene zatsala pashelefu poweruka. M'mawa mwake, asanakhudze ufa, ankanyowetsa sanza n'kupukuta chitseko chonse mpaka chide bii. Buledi wogona sankagulitsa. Ankamupereka kwa alonda a m'masitolo ndi kwa mayi wina woweta nkhumba. Ukawafunsa kuti dzulo anatsala wochuluka bwanji, ankakuyang'ana modabwa.

"Za dzulo ndafufuta, mwanawe," ankatero. "Tandipatsira mchere uko."

Khalidwe limeneli anali nalo ndi kunyumba komwe. Akakangana ndi amayi, m'mawa ankadzuka akuimba mluzu, n'kumadabwa kuti mnzawo akadali ndwii chifukwa chiyani. Amayi ankati anakwatiwa ndi munthu wopanda dzulo. Ankanena moseka, koma masiku ena sankaseka.

Bekaleyo sinali yawo. Iwo anayamba ndi kutsuka zitini m'bekale yaikulu ya m'tauni, kenako kukanda, kenako kuyang'anira uvuni, zaka makumi awiri akulandira malipiro amene ankatha mwezi usanafike pakati. Ndiye kunabwera a Makiyi, bambo wina wamasitolo amene ankayenda ndi mpukutu wa makiyi m'chiuno, moti unkawamva asanakhote pakona. Anali ndi nyumba yongokhala ndiponso uvuni wogula kwa munthu amene bizinesi inamukanika. Anawauza abambo kuti iwo aika nyumba, uvuni ndi mpamba, abambo aike manja. Pamwezi azitapako kangachepe ka chakudya, ndipo chaka chikatha azigawana phindu pakati ndi pakati.

Pepala la mgwirizano linabwera kunyumba, masamba anayi. Ine n'kuti nditangoyamba sekondale. Amayi ndiwo ankawerenga mokweza patebulo, chala chikutsata mizere, abambo ali kalikiliki kuchotsa ufa wouma m'zikhadabo. Atafika pandime yachisanu ndi chinayi amayi anaima, n'kuibwerezanso pang'onopang'ono. Ndimeyo inkati chaka china bizinesi ikadzaluza, zotayikazo zidzasungidwa m'buku, ndipo zidzayamba zachotsedwa pa phindu la zaka zotsatira anthu asanagawane kalikonse.

"Abambo, apapa mwamva?" anafunsa amayi.

"Ndamva, ndamva. Koma inu munamuonapo buledi akuluzitsa munthu? Anthu asiya liti kudya m'mawa?"

Anasaina ndi cholembera changa cha kusukulu, n'kundibwezera chili mbuu ndi ufa.

Zaka ziwiri zoyamba zinayenda bwino moti amayi okha ndiwo ankaikumbukira ndime ija. Chaka chikatha abambo ankavala jekete n'kupita kuofesi ya a Makiyi, kumene kunali kalaliki wowonda wa magalasi amene ankasunga mabuku. Manambala a maziro ambiri ankawazunguza mutu abambo, ndiye kalalikiyo anaphunzira kuwauza ndalama m'matumba a ufa. Phindu la chaka chino ndi matumba 90, anu ndi 45. Akatero abambo ankamva bwinobwino, ngati akuwaona matumbawo atasanjidwa m'chipinda. Chaka choyamba anawagulira amayi makina osokera. Chachiwiri anagula bedi latsopano, ndipo anandilipirira fizi ya chaka chonse kamodzin'kamodzi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pakhomo pathu.

Chaka chachitatu amayi anadwala. Anawapeza ndi chotupa m'mimba, ndipo anawagoneka kuchipatala chachikulu, kutsidya lina la tauni. Sabata yoyamba abambo anayesa kusiyira bekale antchito awo atatu, koma buledi ankatuluka wolimba ngati njerwa, anthu n'kumamubweza. Sabata yachiwiri anakhoma loko pachitseko n'kunyamula beseni ndi mabulangete kupita kuchipatala. Azakhali anga anawauza kuti imeneyo ndi ntchito ya azimayi, iwo abwerere ku uvuni. Abambo anangoti, "Mlongo wanga, munthuyu sameza kanthu akapatsidwa ndi wina." Ndipo zinali zoona. Ankawamwetsa ndi supuni, kuwatembenuza, kuwachapira pampopi wa kuseri kwa wodi pakati pa azimayi. Azimayiwo poyamba ankagwirana zikono n'kumaseka, koma pofika mwezi wachiwiri ankawasungira malo pachingwe choyanikira.

Bekale inakhala yotseka masiku 81. M'masiku amenewo denga linadontha pa ufa umene anali atangogula kumene, ndipo wotsalawo unalowa anankafumbwe. Sukulu yogonera konko imene inkatenga malofu 200 tsiku lililonse inapeza wina wowaphikira. Antchito aja ankalandirabe malipiro, chifukwa abambo anakana kuti anthu achotsedwe pa matenda a pakhomo pa wina. Amayi anatisiya Lachiwiri masana, dzanja lawo lili m'manja mwa abambo.

A Makiyi anabwera kumaliro, anapereka galimoto, ndipo anawagwira abambo paphewa n'kunena kuti, "Za bekale musaganize, achimwene. Tidzaona." Sindikuganiza kuti ananama. Iwo ankatanthauza kuti tidzaonadi, koma abambo anamva kuti zatha. Kumapeto kwa chakacho kalaliki anawauza kuti bizinesi yaluza matumba 300, palibe chogawana. Abambo anagwedeza mutu, kusaina, n'kubwera kunyumba. Anakoleka jekete pamsomali n'kundiuza kuti, "Chaka choipa chatha, mwanawe. Tafufuta."

Chaka chachinayi anagwira ntchito ngati akuthawa chinachake. Anayenda wapansi m'magolosale onse kupepesa ndi kupempha maoda. Anaphunzira kuphika makeke a ukwati ali ndi imvi. Manja awo anadzaza mabala a zitini zotentha, ndipo thalauza linayamba kuwatayira. Sukulu ija anaibweza ndi malofu aulere a sabata yathunthu.

Chaka chomwecho ine ndinakhoza mayeso, ndipo kunabwera kalata yonditenga kukoleji ya uphunzitsi. Uphunzitsi ndinkaufuna kuyambira ndili wamng'ono, pamene ndinkaba choko cha abambo n'kumaphunzitsa zitini za buledi kuwerenga. Kalatayo inkati ndalama za chaka choyamba zikhale zitalipidwa zonse pofika tsiku lomaliza la mwezi woyamba wa chaka chatsopano, apo ayi malo anga apatsidwa kwa wina amene akudikira. Abambo anaiwerengetsa kawiri, n'kuwerengera pazala. Zinali ngati matumba 110. Iwo m'mutu mwawo anali atasunga kuti phindu la chakacho lifika 260, ndiye theka lawo ndi 130.

"Zikwana, ndipo patsala ya nsapato," anatero.

Chinsinsi sankachidziwa abambo anga. Pasanathe masiku atatu msewu wonse unkanditcha aphunzitsi. Mayi wa nkhumba uja anandibweretsera mapensulo. Abambo anandigulira sutikesi yabuluu n'kuiika pamwamba pa kabati, pamene aliyense wolowa m'nyumba ankaiona.

Tsiku logawana ananditenga. Ofesi ya a Makiyi inali pamwamba pa sitolo yawo ya misomali ndi penti, kachipinda ka zenera limodzi ndi fani yolira. Kalaliki anatsegula buku, n'kukonza magalasi.

"A Choko, chaka chino mwagwira ntchito. Phindu ndi matumba 260."

Abambo anandigunda ndi chigongono. "Wamva? Ndinati chiyani ine?"

"Tsopano tichotsa zotsala za chaka chatha, matumba 300. Ndiye kuti chogawana palibe, ndipo matumba 40 tipita nawo chaka chamawa."

Abambo anaseka, akuganiza kuti kalaliki wasokoneza masamba. "Ayi bambo, zimenezo ndi za chaka chatha. Chaka chatha tinatseka kale. Ndinasaina ine, pompano."

"Munasaina kuti mwaziona. Sizinachoke m'buku." Kalalikiyo anatulutsa pepala la mgwirizano n'kuloza ndi cholembera. Ine ndinaizindikira ndimeyo asanayambe kuwerenga, chifukwa ndinali nditaimva kawiri m'mawu a amayi.

Abambo anatembenukira kwa a Makiyi. "Abwana, kumaliro kuja munati ndisaganize."

A Makiyi ankaseweretsa makiyi awo patebulo, maso ali pansi. "Ndinatero, achimwene, ndipo chaka chonse chija sindinakufunseni kanthu. Koma matumba 300 amenewo sanagwe kumwamba. Ndinatapa m'sitolo iyi kuti uvuni uyakenso. Phindu tizigawana, koma kuluza kukhale kwa ine ndekha? Inunso taganizani."

Ndinkafuna kuti a Makiyi akhale munthu woipa kuti ndidane nawo bwino, koma zimene ankanena zinali zomveka, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa. Abambo anapempha kuti awawerengere zimene zili m'matumba 300 aja. Kalaliki anawerenga: ufa woonongeka, malata a denga, malipiro a anthu atatu miyezi itatu osagwira ntchito, oda ya sukulu. Pamwamba pa tsambalo panalembedwa masiku otseka, kuyambira tsiku limene anakhoma loko mpaka sabata ya maliro. Abambo anaika chala pamasikuwo, fani ikungolira.

Titatsika masitepe, pamsewu pomwepo pakati pa anthu, ndinalankhula mawu amene mpaka lero amandiwawa. Ndinati, "Amayi anakufunsani ngati mwamva. Munati mwamva. Bwanji simunkatsegula ngakhale theka la tsiku? Azakhali analipo, ine ndinalipo. Masiku 81, abambo!" Anangochotsa choko kukhutu, kuchiyang'ana, n'kuchiika m'thumba la jekete. Tinayenda mpaka kunyumba wina patsogolo wina pambuyo.

Sabata zitatu zotsalazo anathamanga paliponse. A Makiyi anawapatsa ndalama za matumba 20, akuti ndi mphatso yanga, ndipo ndinathokoza mano ali gwa. Azakhali anasonkha zimene akanatha. Makina osokera a amayi anatuluka pakhomo pawilibala, abambo atatembenukira kukhoma. Zonse pamodzi zinafika 70. Tinapita nazo kukoleji, koma mayi wa pawindo anatiuza mwaulemu kuti theka salandira, ndipo anthu odikira malowo ndi ambiri. Tsiku lomaliza la mwezi linafika n'kudutsa ngati tsiku lina lililonse.

M'mawa mwake ndinawatsatira abambo kubekale, chifukwa m'nyumba munali sutikesi ija ndipo sindinkafuna kuiona. Ndinawapeza ataima pachitseko chachitsulo, sanza yonyowa ili m'manja. Pakona ya kumwamba anali atalemba 40, n'kuizunguliza mzere. Anapukuta za dzulo zonse monga mwa masiku onse, koma sanza inadutsa mosamala m'mbali mwa mzerewo.

"Abambo," ndinatero, "mawu aja ndinanena..."

"Unanena zoona," anandidula, osatembenuka. "Amayi ako anandifunsa, ine ndinaseka." Anafinya sanza mundowa. "Koma ndikuuze, mwanawe. Masiku amene aja, atandibwezera lero, ndikhoza kukhomanso loko. Onse 81, osachotsapo ndi limodzi lomwe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti wodzawalipira ndi iwe."

Pamaliro a amayi sindinawaone akulira. Analira tsiku limenelo, chipumi atachitsamiza pachitseko, mapewa akugwedezeka, uvuni ukutentha kumbuyo kwathu wopanda kanthu. Ine ndinavala epuloni yawo n'kuyamba kukanda, chifukwa ana a sukulu ankadikira buledi.

Chaka chotsatira matumba 40 aja anatha m'buku la kalaliki, ndipo abambo analandira gawo lawo. Anandipatsa lonse osatsegula envulopu. Ndinalemberanso kukoleji kawiri, koma dzina langa silinatulukenso. Kumbuyo kwanga kunali ana atsopano okhoza bwino kuposa ine. Pachitseko 40 ija sanaifufute. Ikazilala ankaidutsanso ndi choko, mpaka chaka chimene zala zawo zinauma n'kulephera kugwira mtanda.

Anamwalira zaka zinayi zapitazo. Bekale ndikuyendetsa ndine, pamgwirizano wanga ndi mwana wa a Makiyi, ndipo ndime yachisanu ndi chinayi ndinaiwerenga katatu ndisanasaine. Makasitomala akale amanditchabe aphunzitsi, ndipo ndimayankha. Choko ndimachigwira tsiku lililonse monga ndinkalotera ndili mwana, kungoti ndimalemba matumba ndi malofu. M'mawa uliwonse ndimanyowetsa sanza n'kupukuta chitseko, ndipo ndikafika pakona ya kumwamba dzanja langa limakhota lokha.